Mzere wa Madonthomadontho

Lachisanu lija malole atatu anali ataima kale pa geti ine ndisanavule n'komwe nsapato zapanjira. Onse atatu anali odzaza chiponde, makatoni mpaka kudenga, injini zikulira. Chimene ankadikira chinali pepala limodzi lobiriwira lokhala ndi dzina langa pansi pake. Popanda pepala limenelo mlonda wathu, a Saulos, satsegula geti ngakhale muwalonjeze ng'ombe.

Ine ndine Tryness Daka. Makolo anga kwawo ndi ku Petauke, koma ndinabadwira konkuno ku Kabwe, ndipo ndimakhala ku Natuseko ndi ana anga awiri. Ntchito yanga pa fakitale ija inali yoyeza mtedza ndi chiponde mu labu, kuona ngati mulibe poizoni wa chuku, uja saoneka ndi maso koma amawononga chiwindi cha mwana pang'onopang'ono. Zaka zisanu ndi zinayi ndinaigwira ntchito imeneyo. Mwamuna wanga atamwalira, ndi ntchito yomweyo imene inatsala kukhala bambo wa panyumba. Ndiye mukamva ndikunena kuti ndinali ndi mantha m'mawa umenewo, musandiseke.

Kampani yathu inali yaikulu, si masewera. Ku Ndola ankayenga mafuta, ku Chipata ankagula mbewu, ku Lusaka kunali akuluakulu amene ife tinkangowaona pa kalendala. Kale zinthu zinali zosavuta, zinali ngati makwerero. Ine ndinali pansi pa supavaiza, supavaiza pansi pa ba Musonda, manijala wa fakitale, ba Musonda pansi pa Lusaka. Nkhani inkakwera sitepe imodziimodzi, n'kutsikanso chimodzimodzi. Munthu wolumpha bwana wake n'kukanena nkhani pamwamba, eee, ameneyo tinkamuyang'ana ngati mfiti. Ngakhale pa tiyi sitinkamusungira mpando.

Kenaka akuluakulu aja anayamba kuyabwa. Chaka china anachotsa masupavaiza onse, akuti kampani ikhale yafulati, tonse tizikhala ngati anthu a pamphasa imodzi. Mphasa yake iti! Aliyense ankangothamangira kwa ba Musonda, ngakhale nkhani ya tsache lothyoka. Mu Januwale chaka chino kunabwera anthu a masuti, anatisonkhanitsa mu kantini, n'kupachika pakhoma tchati chachikulu cha mabokosi ndi mizere. Anati dongosolo latsopanoli n'lakuti munthu mmodzi azikhala ndi mabwana awiri, wina wa pamalo, wina wa ntchito imene anaphunzira.

Bokosi langa linali ndi mizere iwiri. Mzere wolimba, wakuda bii, unkapita kwa madamu Anne Chisanga, mkulu wa malabu onse a kampani, ku Lusaka. Wina unali wa madonthomadontho, ndipo unkapita kwa ba Musonda. Anatilongosolera bwinobwino, sindinganame. Za tchuthi, za nthawi yofikira pantchito, za yunifomu, kwa ba Musonda. Chilichonse chotuluka mu makina oyezera, molunjika kwa madamu. Tinaomba m'manja, tinadya mabanzi ndi zakumwa zozizira, ndipo mawa lake tinagwira ntchito monga momwe tinkagwirira kale.

Nanga mukanakhala inu? Madamu Anne ndinali nditawaona kamodzi kokha. Ba Musonda ndinkawapatsa moni tsiku lililonse. Pa maliro a mwamuna wanga anabwera okha, anakhala pansi ndi amuna anzawo, anatulutsa lole ya kampani kunyamula anthu kupita kumanda. Munthu wotero ungamulumphe bwanji chifukwa cha mzere wa papepala?

Ndiye Lolemba makina atandionetsa kuti chiponde cha mtedza watsopano chili ndi poizoni woposa muyezo, ndinachita zimene ndinaleredwa nazo. Ndinalemba lipoti, ndinagogoda pa ofesi ya ba Musonda, n'kulipereka ndi manja awiri. Analiwerenga, anapukusa mutu, anati alitumiza okha ku Lusaka. Lachitatu anabwera ku labu akumwetulira, akuti alankhula ndi madamu, madamu anena kuti makina nthawi zina amanama, lole imodzi ipite. Ine sindinafunse. Ndinasaina pepala lobiriwira, lole inapita. Safunsa anadya phula, ndipo phula langalo ndinalidya ndi manja anga.

Koma mtima sunakhale pansi. Lachinayi ndinayezanso katatu, ndinatsuka makina, ndinasintha mankhwala. Zotsatira zinali zomwezo. Ndipo ku foni yanga kunalibe ngakhale liwu limodzi lochokera kwa madamu.

Tsono Lachisanu lija ndinavala chikhotho changa choyera n'kukhala pa mpando, fomu yobiriwira ili patsogolo panga, yosalembedwa. Pa eyiti koloko chitseko chinatseguka popanda kugogoda.

"Tryness, mapepala a malole ali kuti?" Anali ba Musonda, foni ili m'manja, thukuta pamphumi ngakhale kunali kukadali m'mawa.

Ndinaimirira. "Ba Musonda, ndayezanso dzulo. Katatu. Sichili bwino chiponde chija."

"Si tinakambirana kale?"

"Inde, koma madamu sanandilembere chilichonse."

"Madamu, madamu!" Anatseka chitseko ndi phazi. "Iwe mwaiche, mwana wamng'ono iwe, amene amakuona pano tsiku ndi tsiku ndani? Madamu wakoyo akudziwa n'komwe kumene umakhala? Malole amenewa akufunika ku Kitwe isanakwane thuu koloko. Ba Levy andiimbira kale kanayi."

Ba Levy ndiwo anali bwana wa ba Musonda ku Lusaka, mkulu wa mafakitale onse. Iwo chimene ankafuna kumva n'chakuti malole atuluka, basi. Madamu Anne chimene ankafuna kumva n'chakuti katundu ndi wabwino. Anthu awiriwa maofesi awo anayandikana ku Lusaka, koma zofuna zawo zinkadzakumana pa tebulo langa ku Kabwe. Ndinawamverako chisoni ba Musonda, pang'ono pokha, chifukwa iwonso anali atapanidwa.

"Ndingawaimbire madamu, angondiuza ndi pakamwa pawo?" ndinafunsa.

Nkhope yawo inasintha. "Ukufuna kundilumpha?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga.

"Fomu yowonjezera kontirakiti yako ili pa tebulo langa," anatero, mawu atatsika. "Mwezi uno ukutha Lachiwiri. Ine ndine bwana wako, Tryness. Ndinali bwana wako tchati chija chisanabwere, ndipo ndidzakhala bwana wako chikadzatsitsidwa. Ndikupatsa mphindi makumi atatu."

Anatuluka. Ndinabwerera pa mpando wanga. Ndinaganiza za ana anga, za landilodi wa ku Natuseko amene samva za maliro kapena matenda, za anzanga a ku koleji amene mpaka pano akugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pa msika ndi masatifiketi awo m'sutikesi. Cholembera ndinachitenga, sindikubisirani. Ndinafika polemba deti.

Pawindo panamveka kugogoda. Anali a Philimon, dalaivala wa lole yoyamba, munthu wa kwathu ku Petauke, wa imvi m'ndevu. Amanditcha mlongo ngakhale sitili pachibale.

"Mlongo, nanga tigona pano? Matako auma pa mpando."

Ndinatsegula windo n'kuwauza zonse, mwachangu, monong'ona. Anamvetsera akutafuna kamtengo ka machesi.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero. "Ndinanena ine tsiku la mabanzi lija. Koma iwe, mwana wa ku Petauke, zikukuvuta chiyani? Kwathu si ndi mmene timakhalira? Bambo amakudyetsa, amakukalipira, umawagwadira tsiku lililonse. Koma ikafika nkhani yaikulu, ya ukwati kapena ya matenda, amene amaitanidwa ndi amalume, ngakhale akhale ku Joni. Bambo wanzeru sakwiya nazo."

"A Philimon, ba Musonda ndi a ku Kasama. Sindikudziwa ngati za amalumezo angazimve."

"Azimva, kwawonso n'chimodzimodzi. Akungodzipusitsa." Analavula kamtengo kaja. "Lole ya Lachitatu ija ndinayendetsa ndine. Ukudziwa kumene inapita?"

"Ku Kitwe, si choncho?"

"Kitwe yake iti! Tinagawa momwe muno. Ku Chililalila, ku Mukobeko, mashopu a ku Natuseko kwanu. Kwa Wesley pafupi ndi siteji ya minibasi ndinatsitsa makatoni sikisi."

Mayo ine! Kwa Wesley ndi kumene mtsikana wanga Chiko amagula buledi m'mawa uliwonse. Theka la ana a mumsewu wathu amanyambita chiponde cha pa shopu imeneyo. Ngakhale kwathu m'kabati munali botolo la chiponde limene Chiko anagula komweko dzulo lake. Ndinaika cholembera pansi, ndinatenga foni, n'kufufuza nambala imene ndinali ndisanaiimbepo chiyambire Januwale.

Inalira mpaka inaduka. Ndinaimbanso. Inaduka. Ndinajambula zotsatira zonse za makina, za Lolemba ndi za Lachinayi, n'kuzitumiza. Timizere tiwiri ta pa foni tosonyeza ngati uthenga wawerengedwa tinangokhala totuwa, osasintha mtundu. Kunja madalaivala anayamba kuliza mahutala, wina n'kuyamba, wina n'kulandira. Mphindi makumi atatu zija zinatha ngati madzi a m'manja.

Ulendo uno ba Musonda sanabwere ku labu. Anandiitanitsa ku geti, pamaso pa anthu onse. Onyamula katundu anali atasiya ntchito, azimayi osankha mtedza atasuzumira pakhomo la shedi. A Saulos anali ataima ndi makiyi awo, maso kutsogolo ngati msilikali.

"Saulos, tsegula geti," anatero ba Musonda.

"Pepala lobiriwira, bwana."

"Ndati tsegula! Ndine manijala pano!"

"Inde bwana. Koma ife a chitetezo mzere wathu wolimba umapita ku Lusaka. Anatiuza kuti popanda pepala, ngakhale atabwera mwini kampani, osatsegula." A Saulos sanakweze mawu. Tchati chija iwo okha ndiwo anachimvetsa pa fakitale yonse, munthu amene sanafike n'komwe giredi naini.

Ba Musonda anatembenukira kwa ine, anandipatsa fomu ndi cholembera chawo chomwe. "Saina."

Anthu onse aja ankandiyang'ana. Kukana munthu wamkulu m'chipinda n'kovuta kale, nanga pagulu? Mayi anga akanakhala moyo akanabisa nkhope. Ndinapinda bondo pang'ono, monga mwa ulemu, manja ndinawaika kumbuyo.

"Ba Musonda, mundikhululukire. Sindisaina."

"Wati chiyani?"

"Sindisaina. Chiponde ichi chili ndi poizoni. Ndawatumizira kale madamu Anne."

Azimayi a ku shedi anati "Hii!" onse pamodzi. Ba Musonda anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Kukanakhala bwino akanakalipa.

"Ine amene ndinakuikira m'manda mwamuna wako," anatero pang'onopang'ono. "Chabwino."

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la chikhotho changa. Anali madamu. Anali atangotuluka mu msonkhano, ndipo mawu awo ankamveka ngakhale kwa amene anaima patali. Lole isatuluke ngakhale imodzi. Makatoni onse atsitsidwe. Akunyamuka pompano. Madalaivala anazimitsa injini mmodzimmodzi, ndipo a Philimon anandiyang'ana n'kugwedeza mutu.

Ndinabwerera ku labu ndikumva ngati ndapambana. Uchitsiru wanga! Ndinamwa tiyi, ndinafika poganiza kuti mwina madamu adzanditchula pa msonkhano wa kumapeto kwa chaka. Ndinamuimbira Wesley kuti achotse chiponde pa shelefu, iye n'kundiuza kuti makatoni awiri atha kale. Ndinamuimbira Chiko kusukulu kudzera kwa aphunzitsi ake, kumuuza kuti botolo la m'kabati asalikhudze. Chimwemwe chija chinayamba kuchepa.

Madamu Anne anafika itangokwana wani koloko, galimoto ili fumbi lokhalokha. Anali mayi wamfupi, wa magalasi, wosataya mawu. Anayendera makatoni, anayeza okha kamodzi, kenaka anatiitana tonse awiri mu ofesi ya ba Musonda. Tchati china chonga cha mu kantini chinali pakhoma kumbuyo kwa mpando.

"Mwachita bwino lero, Tryness," anayamba motero. Kenaka anatsegula foni yawo n'kuyang'ana zithunzi zimene ndinatumiza. "Koma apa pali deti la Lolemba. Munadziwa Lolemba?"

"Inde, madamu."

"Lero ndi Lachisanu. Ine ndamva lero. Chifukwa chiyani?"

"Lipoti ndinapereka kwa ba Musonda. Anati atumiza."

Madamu anatembenuka. Ba Musonda anatsegula manja awo, nkhope yodabwa ngati munthu amene wangofika kumene. Anasanthula mu thireyi ya mapepala n'kulitulutsa lipoti langa pansi pa mafomu a tchuthi, likadali ndi pini yanga.

"Ndi ili, madamu. Ine ndinkaganiza kuti ndi kope chabe, longondidziwitsa. Malipoti a labu sadutsa kwa ine." Anaimirira, anapita pakhoma, anaika chala pa bokosi langa n'kutsatira mzere wa madonthomadontho mpaka pa bokosi lawo. "Onani nokha. Tryness sali pansi panga pa nkhani zoyeza. Ine ndimangoona za tchuthi chake."

Munthu yemwe uja, chala chomwe chija chimene m'mawa chinkandiloza pamphuno kuti ine ndine bwana wako! Ndinalephera kudzigwira.

"Ba Musonda, opani Mulungu! Si inu munabwera Lachitatu n'kunena kuti mwalankhula ndi madamu?"

"Lachitatu?" Madamu anavula magalasi. "Lachitatu kunachitika chiyani?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndadzikumbira ndekha dzenje. Madamu sankadziwa za lole ya Lachitatu. Ba Musonda anali atakhala chete dala, kudikira kuti ndiitchule ndine. Anatsegula fayilo ya ku geti mosafulumira, anatulutsa pepala lobiriwira, n'kuliika patsogolo pa madamu. Pansi pake panali dzina langa, lolembedwa bwino ndi dzanja langa, monga anatiphunzitsira masisitere kusukulu.

"Ine sindikumbukira kuti ndinanena zimenezo," anatero ba Musonda. "Ndipo ngakhale ndikananena, mawu anga pa nkhani ya labu alibe mphamvu. Anatiphunzitsa mu Januwale. Iye analipo."

Madamu anandiyang'ana. M'maso mwawo munalibe nkhanza, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri.

"Munali ndi nambala yanga, Tryness?"

"Inde."

"Munadziwa kuti zotsatira zimabwera kwa ine molunjika?"

"Inde, madamu."

"Nanga bwanji simunandiimbire Lolemba? Kapena Lachitatu, musanasaine?"

Ndikanawayankha chiyani? Kuti kwathu mwana salumpha wamkulu? Kuti munthu amene anakhala nawe pa maliro sumufunsa umboni wa mawu ake? Zinali zoona zonsezo, koma mu ofesi muja, pansi pa tchati chija, zinkamveka ngati nkhani za mwana.

"Ndinkawapatsa ulemu," ndinatero.

Madamu anapuma mozama. "Mzere uja tinaujambula dala, kuti tsiku ngati Lolemba musadzafunike kupempha chilolezo kwa munthu amene akufuna malole atuluke. Unali wokutetezani inu." Anavalanso magalasi. "Za ba Musonda ndikakamba ndi ba Levy, chifukwa iwo sali pansi panga. Koma inu muli pansi panga. Lole yatuluka ndi dzina lanu, mukudziwa zimene makina ananena. Ana adya. Sindingathe kuzibisa."

Ananditulutsa kuti ndikadikire pa benchi. Kudzera pachitseko ndinkawamva akuimba mafoni, kutumiza a Philimon kuti azungulire mashopu onse kukatenga zimene zatsala. Kenaka ndinamva makina osindikizira akulira. Sizinatenge nthawi.

Kalatayo inali yaifupi. Kontirakiti yanga siwonjezedwa, ndisiye makiyi a labu lero lomwe. Malinga ndi dongosolo latsopano, kalata yotero imafuna mabwana onse awiri. Pansi pake panali mizere iwiri yosainapo, yonse yolimba, ndipo onse awiri anali atasaina, madamu kumanzere, ba Musonda kumanja. Chiyambire Januwale, aka kanali koyamba kuti anthu awiriwa agwirizane pa chinthu chimodzi.

Ndinalira, inde, koma ndinakalirira mu labu nditatseka chitseko. Kenaka ndinapukuta nkhope, ndinapachika chikhotho choyera pa msomali wake, ndinavala nsapato zanga zapanjira. Kapu yanga ndi chithunzi cha ana ndinaziika mu pulasitiki. Azimayi a ku shedi anandiona ndikudutsa. Malole atatu aja anali ataima pomwe paja, opanda kanthu, zitseko zakumbuyo zili pululu.

Pa geti a Saulos anayang'ana pulasitiki yanga. Lamulo limati chilichonse chotuluka chikhale ndi pepala, ndipo ndinayamba kufunafuna kalata ija kuti ndiwaonetse. Iwo anapukusa mutu. Pali kageti kakang'ono ka anthu oyenda pansi, koma anakadutsa. Anapita pa geti lalikulu la malole, limene linakhala lotseka tsiku lonse chifukwa cha mawu anga, analowetsa kiyi, n'kulikankha mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto. Anavula chipewa.

"Muyende bwino, amayi," anatero.

Ndinadutsa pakati penipeni ndi kapu yanga, n'kulunjika ku siteji ya minibasi za ku Natuseko. Botolo lija linali likadali m'kabati, ndipo ndinkafuna kufika ana asanaweruke.